Mlandu wa Taimutebulo Yokulungira Mandasi

Khalani pansi nonse atatu. Pamkeka apo, osati pampando. Mpando ndi wa woweruza, ndipo woweruza lero ndine. Inu amuna anga a Fomu 3, tulutsani tizingwe tanuto m'makutu, makutuwo ndikuwafuna onse awiri. Inu mkazi mnzanga, foni muiike m'lichero umo chafufumimba, ikalira ilire yokha. Mzime wathuyu wa Giredi 5 abwere kuno kumbali kwanga. Ameneyu si wopalamula, ndi mboni ya boma, ndipo ndamulipiriratu ndi nzimbe. Wina akaseka ndimuwonjezera mlandu wonyoza bwalo. Agogo anu aamuna akanakhala ndi moyo akanakhala kalaliki, koma poti anatsogola, ndifunsa ndekha, ndiweruza ndekha, ndipo apilo kulibe.

Mlandu ndi uwu. Dzulo madzulo ndinafunsa funso losavuta n'komwe: Lachiwiri mukachoka ku buleki mumaphunzira chiyani? Amuna anga anati zimatengera. Zimatengera chiyani, mitambo? Mkazi mnzanga anati timadziwa aphunzitsi akalowa. Tsono umboni nawu. Pepala lamafutali ndalitola kuseri kwa mbaula, ndipo linafika pakhomo pano litakulunga mandasi. Ndi taimutebulo ya temu ino, chidindo cha sukulu chili apa pakona, Lachinayi lonse mafuta alidya moti Sayansi ikuonekera kuseri. Mboni yanena kuti inaona amene anakulunga. Musaiyang'ane ndi diso limenelo, ili m'manja mwa boma.

Mudziwe lero kuti pa mapepala onse amene sukulu imatulutsa, losanama ndi lokhali. Pachikwangwani cha pageti amalembapo zokoma, za khama, za ulemu, za tsogolo lowala, poti utoto sutsutsa munthu. Tsiku lopereka mphoto ahedi amalankhula mpaka makolo kuodzera. Koma ukafuna kudziwa chimene sukulu imalemekeza ndi chimene imangochipirira, uwasiye ahedi alankhule, iwe upemphe taimutebulo.

Mwandionapo ndikugawa nkhuku pa Khirisimasi. Nkhuku imodzi, anthu khonde lonse. Sinditsegula pakamwa kunena kuti uyu ndiye wamkulu, uyu ndi wongotsatira, koma aliyense akayang'ana m'mbale mwake amadziwa pamene waima. Nthutumba ndi ntchafu zimadziwa kwawo, khosi ndi zipalapasiro nazo zimadziwa kwawo. Sabata ya sukulu imagawidwa momwemo. Masiku ndi asanu, maola ndi owerengeka, maphunziro ndi ambiri, ndiye wina ayenera kugwira mpeni. Maola a m'mawa, mutu wa mwana usanatenthe, kaphala kali m'mimba, ndiwo ntchafu. Piriyodi yomaliza ya Lachisanu, zikwama zili kale kumsana, ndiye zipalapasiro.

Ine ndakhalapo pamene amagawapo, musandione ndi duku kumutuku. Dziko lino la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980 sukulu za sekondale zinkamera paliponse, zina zongolumikiza kuseri kwa pulayimale, zija tinkati ma upper top, ndipo aphunzitsi ankasowa moti aliyense wodziwa kanthu ankapatsidwa choko. Ine anandipatsa zosokasoka. Temu isanayambe tinkazungulira tebulo ndi pepala lalikulu la manila, rula, pensulo ndi labala, ndipo labala ndiye ankatha msanga. Woyamba kusankha anali wa Masamu. Ameneyo sankapempha, ankangoloza ndi chala: apa, apa, apanso, zonse m'mawa. Wa Chingerezi n'kutsatira. Wa Sayansi ankafuna mapiriyodi awiri ogundizana ati kuti ana ayese zinthu, chonsecho labu yake inali katoni imodzi ya mabotolo pansi pa desiki. Wa Chishona ankatola zotsala. Wa Ulimi ankamuponyera masana dzuwa lili paliwombo, ati kukumba sikufuna mutu. Ine wa singano ndinkafika pepala litadzaza, n'kumafunafuna kampata ndi nsonga ya pensulo. Nyimbo ndi masewera tinkazilemba mosasindikiza, podziwa kuti mayeso akayandikira wa Masamu abwera kudzabwereka piriyodiyo, ndipo ngongole imeneyo chiyambire sinabwezedwepo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananenapo kuti kuimba n'kwachabe. Ankanena ndi manila.

Bwera nalo kuno pepalalo, mboni, tiwerenge pamene mafuta asiya. Lolemba m'mawa asembule: mbendera, nyimbo ya fuko, pemphero, ndi mayina a amene sanalipire fizi. Masamu tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri buleki isanakwane. Chingerezi chimodzimodzi. Apa sinditsutsa ayi. Munthu wokhala ku Bindura kuno, kumene wogula golide amabwera ndi kasikelo kake m'thumba, akapanda kudziwa masamu amamubera akuona, ndiye Masamu adye ntchafu, ndi yawo. Koma taonani apa pansi. Uphungu, phunziro lija loti mwana amve za thupi lake, za mowa, za anyamata ndi atsikana, za chimene adzakhale, lapatsidwa kapiriyodi kamodzi Lachisanu kumapeto. Pageti analemba kuti amaumba khalidwe. Khalidwe lake ndi limenelo, mphindi zochepa pa sabata, ana akuyang'ana pazenera.

Anzanu akale pepala lotere ankadziwa kuliwerenga, ndipo ankalimenyera nkhondo. Mu 1920 boma la atsamunda linatsegula sukulu ku Domboshawa, pakati pa kuno ndi Harare. Mwini maganizo ake anali mzungu wina, Herbert Keigwin, amene ankakhulupirira kuti chomuyenera mwana wa munthu wakuda ndi khasu, njerwa ndi sowo, buku pang'ono chabe. Sanafunike kukwera pachulu kuti alengeze zimenezo. Anangogawa maola: ambiri kumunda ndi ku ukalipentala, ochepa m'kalasi. Anyamata a pamenepo anawerenga maolawo, namva zimene akuuzidwa, ndipo m'zaka zoyambirira zomwezo ananyanyala, kufuna kuti maola a m'buku achuluke. Mwamva? Ana a sukulu kuchita sitiraka chifukwa cha taimutebulo, kopanda WhatsApp yoitanirana. Inu yanu mwakulungira mandasi, ndipo mandasi ake sanafike n'kwa ine komwe.

Nanga ine ndemwe? Mu 1966 boma la Ian Smith linakonza kuti mwa ana 8 alionse achikuda omaliza pulayimale, mmodzi yekha apite ku sekondale ya mabuku, ya F1, atatu apite ku F2, ya ntchito zamanja, anayi otsalawo akaone zochita kwawo. Ine ndinagwera ku F2. Abambo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza pa lole ya Ulere, bulangeti lili m'khwapa, anauza komboni yonse kuti mwana wawo wapita ku sekondale, ndipo sananame. Koma sabata yathu inali ya singano, chitofu ndi ayironi ya makala. Tinkaphunzira kuyala tebulo, mpeni uku, foloko uku, kasupuni pamwamba, ife odyera pansi ndi manja. Munthu sunkasowa wokumasulira kuti akukukonzera khitchini ya yani. Komabe pabwalo sitinama: singano yomweyo ndi imene inadyetsa nyumba ino mu 2008, mgodi utaima, ndalama zitasanduka mapepala onyamulira m'thumba la shuga. Ndinkasoka mayunifolomu n'kulandira chimanga. Vuto silinali singano. Vuto linali lakuti wina anatisankhiratu singano yokhayokha tisanatsegule pakamwa.

Musaganize kuti ndi azungu okha. Kwathu ku Malawi, kumene inu simunapondeko koma mumakutchula mukafuna kunyada, Kamuzu Banda anakweza Chichewa mu 1968 kukhala chiyankhulo cha dziko lonse. Munthu yemweyo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ku Kasungu, sukulu yake ya pamtima, naikamo Chilatini ndi Chigiriki kuti mwana aliyense aphunzire, aphunzitsi n'kuwatenga kunja, Chichewa osachipatsa mpando. Pamsonkhano ananena china, pa taimutebulo china. Ine ndimakhulupirira taimutebulo.

Ufulu utabwera F2 inathetsedwa, ndipo tonse tinaombera m'manja. Kenaka dziko lonse linathamangira kumabuku, mwana aliyense afune ma O Level asanu ndi Chingerezi, wogwira sowo n'kumaoneka wolephera. Boma linayesa kubweza anthu ndi mfundo ya Education with Production, koma makolo amene anapsa ndi F2 akangomva fungo la khasu ankasuntha mwana. Mu 1999 komishoni ya Nziramasanga inanena poyera kuti maphunziro athu alemera mbali imodzi, ya mayeso ndi mabuku, lipoti lake n'kukagona m'kabati zaka zambiri. Mu 2017, nduna ili a Lazarus Dokora, kunabwera silabasi yatsopano, maphunziro ambirimbiri, mwana wa Giredi 3 kumayenda chopendekera ndi chikwama. Mu 2021 kunabwera CALA, ija ya ntchito zopatsa ana kukachita, yotenga mamalikisi 30 pa 100 alionse. Amene ankalemba CALA mukuwadziwa? Ndi ife agogo. Ine pano ndinaumba ng'ombe zadothi, ndinamata nthanga pa katoni, ndinagula data kuti tifufuze za nyenyezi, ndipo bungwe la mayeso la ZIMSEC mpaka lero silinanditumizire satifiketi yanga. Mu 2024 anaichotsa, n'kubweretsa Heritage-Based Curriculum, yoti ku sekondale maphunziro okakamiza akhale asanu: Masamu, Chingerezi, Sayansi, Heritage ndi chiyankhulo cha makolo. Nduna iliyonse imabwera ndi labala wake.

Tsono tafika pamene pakundiwawa, ndipo mkazi mnzanga musiye kukanda mkekawo. Chiyankhulo cha makolo, atero. Yang'anani bokosi lakelo, mwalembedwa chiyani? Chishona. Sindidana nacho Chishona, ndimagulira nacho tomato ku Chipadze, ndimakangana nacho ndi makondakitala a kombi, ndipo ndikatukwana nacho amamva bwinobwino. Koma makolo anu ndi ayani? Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula ziyankhulo 16, ndipo pamndandandawo Chichewa ndicho chili poyambirira penipeni. Papepala la mafutali ndachifufuza kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ngakhale kuseri, sichipezeka, pamene m'makomboni a Trojan, a Shamva ndi m'mafamu a ku Mazowe muli ana a anthu a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete osawerengeka. Atonga a ku Binga sanangodandaula pakhonde ngati ine. Mafumu awo ndi makolo anakakamira mpaka mu 2011 Chitonga chinalembedwa pa mayeso a Giredi 7. Ife tinachita manyazi. Tinazolowera kubisala kuyambira kale, ndipo lamulo la unzika la 2001 litatisandutsa alendo m'dziko lobadwiramo, zitupa zathu zolembedwa kuti alien, tinabisala kwambiri.

Koma pa mlandu umenewu sukulu ndi wopalamula wachiwiri, woyamba ndinu. Ndikakuitanani mumayankha m'Chishona. Ndikakutumani m'Chichewa anzanu ali pafupi mumayang'ana kumbali, kuopa kuti angakutcheni mabhurandaya, dzina lija lotinyozera ochokera ku Malawi. Chonsecho Alick Macheso, mwana wa ku Shamva konkuno, akangoponyamo mawu a Chichewa pa gitala lake la besi, ndinu oyamba kudumpha, fumbi koboo. Gule akatuluka ku komboni mumathamangira kukajambula ndi foni, koma nyimbo yake simungaimasulire. Mungapite bwanji kwa ahedi kukapempha piriyodi ya chiyankhulo chimene pakhomo panu chilibe ngakhale mphindi zisanu?

Chachiwiri chosowa papepalapa n'choopsa kuposa apo. Amuna anga, tayang'anani kuno. Mboni yapereka kabotolo aka, kamene kanapezeka m'thumba la bulezala yanu tsiku lochapa. Ndi kakang'ono koma kakulemera, ndipo zili m'katimo zikuyendayenda zokha. Ndi mekyule. Musandiuze kuti ndi wa mnzanu, mnzanuyo ali ndi matumba ake. Ndikudziwa mmene zimakhalira kumaenje a golide a ku Kitsiyatota, ndili ndi maso. Miyala ikachoka kuchigayo mumatsuka dothilo m'beseni, n'kuthiramo mekyule, n'kumatikita ndi manja opanda kanthu mpaka atagwira golide. Mumafinya m'kansalu, kotsalako n'kukaika pa supuni, supuni pamakala, nkhope ili pompo kudikira kuti kayere. Supuni zanga ziwiri zinasowa, lero ndadziwa kumene zinapita. Utsi umenewo suoneka ndipo sununkha, koma umalowa m'mapapo n'kukakhazikika m'bongo ndi mu impso. Manja amayamba kunjenjemera, munthu kuiwalaiwala, kupsa mtima popanda chifukwa, ndipo kwa mayi woyembekezera umakafika mpaka kwa mwana. Wotsalira m'madzi amatsetserekera kumitsinje n'kukalowa mu nsomba zimene timagula pamsika. Ku Japan, m'tauni ya Minamata, anthu anayamba kupezeka ndi matenda ake mu 1956 chifukwa chodya nsomba za m'madzi otayiramo zoipa za fakitale, ndipo pangano la mayiko loletsa mekyule linatenga dzina la tauni imeneyo.

Tauni ino inabadwa ndi mgodi. Isanatchedwe Bindura mu 1913 inkatchedwa Kimberley Reefs, dzina la mgodi wa golide. Mgodi wa Freda Rebecca uli apo, wa Trojan uli apo, yunivesite yophunzitsa aphunzitsi a sayansi ili pomwe pano. Koma ndafunsa mboni, ndafunsa inu nonse, ngati pa mapiriyodi onse a Sayansiwa wina anaimapo kutsogolo n'kukuuzani chimene utsi wa pa supuni umachita, kapena chifukwa chimene dzenje lokumbidwa m'dothi lonyowa limagumukira, kapena kuti jenereta yolira pansi pa dzenje imapha anthu ali chikhalire. Mwati ayi. Mumadziwa kujambula duwa n'kutchula ziwalo zake zonse m'Chingerezi. Mu November 2020, sukulu zitakhala zotseka miyezi yambiri chifukwa cha Covid ndipo ana ambiri atazolowera kumaenje, mgodi wakale wa Ran unagumuka anthu ali pansi, madzi n'kudzaza. Tinaima kumeneko ndi amayi anzathu masiku angapo, mapampu akulira, ndipo ena sanatuluke amoyo. Sukulu yoyandikana ndi manda otero, taimutebulo yake n'kukhala yofanana ndi ya ku Borrowdale kwa anthu olemera a ku Harare, ndiye kuti sinasuzumire pazenera.

Palinso taimutebulo ina imene sadindapo chidindo. Sukulu zambiri za m'tauni muno ana achuluka kuposa makalasi, ndiye amachita kusinthana, ena m'mawa ena masana, ija amati hot seating. Mwana wolowa masana ntchafu saiona n'komwe, Masamu ake amawapeza atatopa kale ndi kutunga madzi. Ndiye pali maekisitira, olipira ndi madola a ku America, oletsedwa ndi boma koma odziwika ndi aliyense, kumene zimene zinathamangidwa m'kalasi zimakafotokozedwa modekha. Sindiwaweruza aphunzitsi, malipiro awo ndimawadziwa, penshoni yanga ndi mng'ono wake. Ndikungoti pepala limenelo nalonso limanena zoona zake: wa dola amve kawiri, wopanda dola amve kamodzi.

Basi, za sukulu zakwana. Tsopano titsegule taimutebulo yanu, imene munalemba nokha popanda manila. Ndakhala ndikuiwerenga mwakachetechete temu yonse. Amuna anga, Lolemba mumapita, poti pali asembule ndipo amaitana mayina. Lachiwiri ndi Lachitatu mumapita thupi lokha, mutu uli kuchigayo. Lachinayi mumatuluka pakhomo mutavala yunifolomu, koma nsapato zimabwera ndi dothi lofiira limene pabwalo la sukulu palibe. Lachisanu ndiye simunamizira n'komwe. Maola anu abwino, a m'mawa, a mphamvu, mwawapereka kwa makorokoza, kukoka chingwe ndi kusenza matumba a miyala kuti bwana wa dzenje akuponyereni kadola. Buku mwalipatsa mphindi zija zapakati pa nsima ndi tulo. Ndiye mukandiuza kuti agogo, sukulu ndimaikonda, ine ndimve pakamwa panu kapena ndiwerenge maola anu?

Agogo anu aamuna anagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wawo wonse. Nthawi yawo sinali yawo. Huta ya pamgodi ikalira usiku ankadzuka, kaya kukuzizira kaya mwana akudwala, chipewa kumutu, nyali pachipumi, ine n'kuwapatsira kabotolo ka tiyi. Anatuluka kumeneko ndi chifuwa chimene anapita nacho kumanda. Ankanena kawirikawiri kuti akulowa pansi kuti mwana wawo asadzalowe. Iwo ankatsika ndi keji, ali ndi chipewa cholimba ndi mabuti, pamwamba pali munthu wowerenga amene alowa ndi amene atuluka. Mdzukulu wawo akutsika ndi chingwe cha nayiloni, atavala mapatapata, tochi atamangirira ndi lekeni, ndipo wowerenga palibe. Kumeneko ndiye kupita patsogolo kwake?

Mkazi mnzanga mukumwetulira poti mwaona ngati mwapulumuka. Dikirani. Taimutebulo yanu ndi ya usiku. Magetsi akapita nyumba yonse mdima, koma pansi pa bulangeti lanu pamayaka. Piriyodi yoyamba TikTok, yachiwiri WhatsApp, yachitatu kujambula milomo, ndipo imeneyi ndi dabulo. M'mawa mumafika pa Masamu maso ali psuu. Loweruka mumati mukukathandiza azakhali anu kugulitsa sadza kumaenje, ndipo kuthandiza n'kwabwino, koma mafuta onunkhira aja sanagulidwe ndi phindu la sadza. Mnyamata wa golide ndalama zake zimafika Lachisanu, Lolemba akubwereka ya fodya. Lamulo la maphunziro la 2020 likuti mtsikana woyembekezera asachotsedwe sukulu, ndipo ndi lamulo labwino, koma silinanene kuti ndani adzadzuka usiku mwana akamalira. Ine ndinalera kawiri, kachitatu ndapuma.

Bwalo lachilungamo limamva mbali zonse, ndiye lankhulani. Mwati chiyani? Kwezani mawu. Mwati amene anamaliza digiri akugulitsa airtime pa renki, pamene amene anathawa Fomu 2 akuyendetsa Honda Fit. Mwatinso fizi ya temu yatha inachokera kumaenje komweko, ndipo nsapato za mboni nazonso. Pamenepo mwalasa, ndipo sindikutsutsani. Ndinalandira ndalamayo ndi manja awiri, ndipo sindinafunse kuti yachokera kuti chifukwa ndinkadziwa. Thandizo la fizi la BEAM limachedwa, penshoni sikwana, njala siwerenga belu. Zoona zonsezo bwalo lalemba.

Koma muwerengenso bwino. Wa Honda Fit mukumuona chifukwa ali pamsewu. Anzake amene anayamba naye limodzi simukuwaona, chifukwa ena ali ku ndende, ena anatemedwa ndi zikwanje pa nthawi ya mashurugwi, ena akutsokomola kumudzi, ena tinawaimbira nyimbo. Ndipo pa golide yemweyo, amene amadya bwino si wokoka chingwe. Ndi woyeza miyala, wojambula mapu a pansi, wokonza makina, wolemba mapepala a kleimu, wogwira sikelo. Onsewo anakhala pansi pa Masamu a m'mawa aja. Ku Bulawayo kuli School of Mines, ndipo pageti pake safunsa kuti wakoka matumba angati, amafunsa Masamu ndi Sayansi. Ngati mtima wanu uli pa miyala, pitani mukaiphunzire miyalayo, mudzabwere kuno mutavala chipewa choyera anthu akukuimirirani. Sindikukuletsani golide. Ndikukana kuti mumupatse m'mawa wanu muli ndi zaka zimenezi, iye n'kukubwezerani manja onjenjemera.

Inu mukunong'ona kuti tsabola wakale sawawa. Ndamva, makutu angawa ndi okalamba koma sanapume ntchito. Mlandu wonyoza bwalo walowa.

Imirirani, chigamulo chafika. Nonse awiri mwapezeka olakwa. Chikoti boma linachiletsa m'sukulu mu 2020, ndipo ngakhale likanapanda kuletsa, phewa langali silikwezekanso, choncho mwapulumuka pamenepo. Chilango ndi ichi. Mawa mukagule manila ndi ndalama za m'thumba mwanu, mukopere taimutebulo yonse ndi rula, Lachinayi lodyedwa ndi mafutalo mukalifunse kwa anzanu, ndipo muipachike pamwamba pa ndowa ya madzi akumwa pamene aliyense amafikapo. Pansi pake muwonjezere mizere ya pakhomo pano. Foni zigona m'chipinda mwanga kuyambira 8 koloko. Lachinayi ndikabwera ku Chigwirizano pali piriyodi ya Chichewa, dabulo, mphunzitsi ndine, buku ndi Baibulo la agogo anu ndi nthano zimene ndikadali nazo, maekisitira ake aulere. Kabotolo aka sikabwereranso m'nyumba muno, ndipo supuni zanga ziwiri mugule zina, zakalezo sindikuzifunanso pa chakudya.

Sukulu nayo sinapulumuke. Msonkhano wa makolo ukubwerawu ndikupita, ndikaima, ndipo ndikafunsa ahedi ndi komiti yawo mafunso awiri: Chichewa chili pati, ndipo ana a ku Kitsiyatota amauzidwa liti za mekyule ndi maenje. Amuna anga mudzandinyamulira mpando, mkazi mnzanga mudzalemba mayankho.

Ndipo wina akadzajombanso Lachisanu, Lolemba lake ndidzamuperekeza ndekha mpaka pa asembule, nditavala duku langa lofiira lija, nditamugwira dzanja, ndipo ndidzamutsanzika mokweza m'Chichewa pamaso pa Fomu 3 yonse kuti tsalani bwino amuna anga, muphunzire mwakhama. Yesani muone ngati ndikunama.